Nyimbo ya Amayi Yapeza Mwini Wina

Achimwene Sakiusa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Brisbane pamodzi ndi alamu. Kuno ku Kadavu tilipo, zilazi zabereka bwino chaka chino.

Mwana wanu Jolame mumpatse moni. Paja chaka chatha anabwera ndi mizu ya yaqona, ija timapereka mwamwambo popempha chinthu, nakhala pansi mwaulemu. Anati, "Azakhali, mundiimbire nyimbo ija agogo ankaimba poluka mkeka, dzina lawo ndidzalilemba pamwamba penipeni." Ndinaimba, iye akulemba, mpaka mawu anasasa.

Mwezi watha mwana wanga Mereoni analemba nyimbo yomweyo pa ntchito yake ya kukoleji ku Suva, natchula kuti anaipeka ndi malemu amayi. Aphunzitsi amulepheretsa. Akuti makina awo a kompyuta aonetsa kuti wakopera zimene Jolame anasindikiza. M'menemo dzina la amayi mulibe, langa mulibe, muli lake lokha.

Mereoni atamuimbira foni, Jolameyo anangoseka: "Iwenso, ukanangotchula ine bwenzi utakhoza."

Mwanayu wabwerera kumudzi, ndipo poluka saimbanso. Zinazo sindilemba.

Za kubwera pa Khirisimasi munanena zija, m'chipinda mumagona muja taikamo zilazi.

Ndine mlongo wanu,
Litiana