Phulusa pa Chitunda cha Tchalitchi: Msonkhano Wadzidzidzi wa Komiti ya Chikondwerero cha Zileyi

Tsiku: Lachisanu, 7 Febuluwale 1986
Malo: Chipinda chomwera khofi cha mpingo, mudzi wa Tervavaara
Analipo: Bambo Reijo Kemppainen (Wapampando), Mayi Kyllikki Kemppainen (akazi awo, oyang'anira zophika), Bambo Pentti Juntunen, Bambo Aulis Tolonen (osamalira tchalitchi), Mayi Sirkka Moilanen (Mlembi)
Sanabwere: Abusa. Bondo likadali lotupa chigwereni pachitundapo Lamulungu lapitali.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 4 koloko madzulo. Anafuna kudumpha pemphero ati nkhani ndi yachangu. Mlembi anapemphera ndithu, mwachidule.

2. Kuwonongeka kwa chitunda

Wapampando anati mtima ukuwawawa. Anakumbutsa komiti kuti iwo ndi a Juntunen akhala akuthira madzi pa chitunda cha tchalitchi kuyambira mwezi watha, zala zikuchita kuuma ndi chisanu, mpaka chinaundana n'kumawala ngati galasi, kuti Lamulungu lino ana ndi akulu atsetsereke pa zileyi tisanalowe m'nyengo ya Lenti. Koma lero m'mawa a Tolonen amwaza mchenga ndi phulusa kuyambira kumunsi mpaka pafupi ndi chipata, osafunsa munthu. Anati chileyi chikaponda phulusa chimaima ngati hatchi yokana goli.

A Juntunen anati a mudzi wa tsidya la nyanja amva kale ndipo akuseka. Anati makolo ankati wotsetsereka kutali ndiye amakolola fulakesi wamtali, mbewu yopangira nsalu ija, tsono chaka chino mudzi walodzedwa. A Tolonen anafunsa kuti ndani muno anadzalapo fulakesi chithereni nkhondo.

A Tolonen anafotokoza kuti mawa tikuika malemu Bambo Eemil Kinnunen, bambo awo a Mayi Kyllikki, ndipo manda ali pamwamba pa chitunda. Anati zaka zonse othira madzi amasiya kanjira m'mbali ka anthu opita kotamanda Mulungu, koma chaka chino Wapampando anathira ponseponse pofuna kuposa a tsidya. Kenaka anafunsa kuti: "Achimwene a Reijo, mukufuna bokosi la apongozi anu lifike kumanda, kapena lipambane mpikisano?"

Mlembi akuvomera kuti apa anaseka, pa nkhani ya maliro. Ambuye amukhululukire.

3. Ganizo lochotsa a Tolonen

Wapampando anapereka ganizo loti a Tolonen achotsedwe mu komiti, imene akhalamo chiyambireni, ndi kuti madzi athiridwenso lero lomwe pamwamba pa phulusalo. Anati bokosi likhoza kudzera msewu wakuseri, kumene kumadzera lole ya nkhuni. A Juntunen anavomereza.

Mlembi analankhula asanapatsidwe mpata, mokweza kuposa mmene Mkhristu ayenera. Anati n'zochititsa manyazi kuti mudzi umene Abusa ake anakwera kutchalitchi chokwawa uzichotsa munthu chifukwa choteteza maliro. Wapampando anati ntchito ya Mlembi ndi kulemba. Izinso zalembedwa.

Mayi Kyllikki, amene ankaluka sokosi, anaika singano pansi. Anati: "Bambo anga anakwera chitunda chimenechi ndi miyendo yawo Lamulungu lililonse, sadzalowera kolowera nkhuni ayi. Adzadzera kutsogolo. Ndipo inu a Reijo ndinu onyamula bokosi mbali ya kumutu, mutavala nsapato zanu zaukwati zosalala pansi zija. Thiranitu madziwo tione."

A Juntunen, amenenso ali m'gulu la onyamula, anati mwina nkhaniyi anaifulumirira.

Pa chisankho, wovomera ganizolo anali Wapampando yekha. Atatu anakana. A Tolonen sanavote. Ganizo linagwa, a Tolonen akhalabe mu komiti ndipo phulusa likhala pomwepo.

4. Za Lamulungu

Kunagwirizanidwa kuti zileyi zikatsetserekere pa mtunda wa kuseri kwa sukulu, ndipo msuzi wa nsawawa ndi mabanzi zikagawidwe komweko. Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti chimenecho si chitunda koma chulu. Zalembedwa. Mlembi akuda nkhawa kuti ana adzadandaula, ndipo nayenso chitunda chowala chija chinkamusangalatsa, sabisa.

5. Zina ndi zina

A Tolonen anati phulusa linawathera pafupi ndi chipata, pamene pali poterera kwambiri, ndipo anapempha amene ali nalo athandize. Mayi Kyllikki anati mbaula ya m'bafa lawo la nthunzi, limene Wapampando amadzitama nalo kuti ndi lalikulu m'mudzi monse, yadzaza phulusa. Anati Wapampando adzabweretsa ndowa ziwiri mawa m'mawa belu la maliro lisanalire, n'kumwaza okha.

Wapampando anayamba kusonkhanitsa mapepala awo. Mlembi walemba kuti anavomera.

6. Kutseka

Msonkhano wina udzakhala Lachisanu, 14 Febuluwale, malo omwewa. Msonkhano unatsekedwa 5 koloko ndi pemphero lopempherera banja lofedwa ndi mapazi a onyamula bokosi.

Wapampando: Reijo Kemppainen ____________
Mlembi: Sirkka Moilanen ____________