Atate akana nkhuku ya ku lesitilanti

Okondedwa asisi,

Kuno ku Sinda kwacha ndi kachisanu, malole akulira pamsewu waukulu. Muli bwanji ndi alamu? Ine ndili bwino, kusukulu ndikupita. Nkhawa yanga ndi atate. Chimwalirire amayi, chakudya amangolawa n'kusamba m'manja, kulankhulanso ayi.

Loweruka ndinawanyengerera kuti tikadye ku lesitilanti ya pafupi ndi msika. Mtsikana wogwira ntchito anachedwa kutilandira, maso ali pafoni. Atabwera ndi madzi anayamba kusambitsa ine, atate akuyang'ana. Nkhuku inabwera yozizira, pafupa pali magazi.

Atate anakankha mbale. "Iwe mwana, nkhukuyi yafa kapena ikali kudwala?" Mtsikanayo anapepesa, ife n'kutuluka osadya.

Njira yonse atate anandifotokozera mmene amayi ankaphikira nkhuku: ankayamba kuiwamba pamakala, mchere pambuyo. Titafika kunyumba anagwira tambala wathu wofiira, nati, "Sonkha moto, ndikuonetse." Asisi, anadya mpaka kuonjezera, chiwindi n'kundipatsa ine.

Chonde muwaimbire foni Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, muwafunse za nkhukuyo. Ambuye akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Yohane