Za Uthenga Umene Unachedwa Maola Atatu

Msonkhano wa komiti ya nyumba ziwiri, Yakumtunda ndi Yakumunsi
Tsiku: Loweruka, pa 14 Malichi
Malo: chipinda chochapira zovala, ku Yakumunsi
Analipo: Wapampando, Anesi, Mayi wokonza mafoni, akazi a Atelala, ndi ine Mlembi
Sanabwere: Atelala (ali m'chipatala), Amagalasi (akuti chimfine, koma ndinawaona pazenera ali bwinobwino)

Msonkhano unayamba 2 koloko masana.

1. Zimene zinachitika Lachiwiri

Wapampando anakumbutsa anthu kuti chaka chatha tinaika pulogalamu m'mafoni mwathu yoti netiweki ikathawa, uthenga uzidumpha kuchoka pa foni ina kupita pa ina mpaka ukafike kwa mwini wake. Lachiwiri mvula yamphepo inathawitsa netiweki. Cha m'ma 1 koloko Atelala anagwa pa makina awo ku Yakumtunda, pakamwa patapotoka. Akazi awo anaopa kuwasiya okha, ndiye analembera Anesi, amene amakhala ku Yakumunsi kuno. Uthenga unafika 4 koloko. Anesi anati anali m'nyumba tsiku lonse akusita, foni ili pambali. Adokotala akuti Atelala akhala moyo, koma dzanja lamanja silidzagwiranso sizasi.

2. Chifukwa chake

Mayi wokonza mafoni anafotokoza, ndipo ndalemba mmene ndinamvera, poti sukulu ndinalekeza msanga. Anati foni siyifuula patali, mapazi makumi asanu ndi atatu basi. Ikafuna kutumiza uthenga imafunsa mafoni oyandikana nayo ngati akuiona ya Anesi, nawonso amafunsa anzawo, njira n'kupezeka. Koma njirayo ndi anthu, ndipo anthu amayenda. Pakati pa nyumba ziwirizi pali kanjira ndi khoma, ndipo foni yokhayo imene inkakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo inali ya Wosoka nsapato, amene komiti inamuchotsa mu Januwale.

Wapampando anatsutsa, nati tinayesa kangapo iye atachoka ndipo uthenga unkafika. Mayiyo anafunsa kuti tinkayesa nthawi yanji. Timayesa Lolemba 7 koloko m'mawa, chifukwa Wapampando amathamangira basi, ndipo nthawi imeneyo m'kanjiramo mumakhala mutadzaza anthu athu opita ku ntchito, aliyense foni m'thumba. Lachiwiri pamvula paja munalibe ngakhale galu. Uthenga unakhala mu foni ya akazi a Atelala mpaka Wabuledi wa ku Yakumunsi atadutsa, mvula itakata.

Wapampando anafunsa chifukwa chake mayiyo sanatichenjeze. Mayiyo anati anakweza dzanja mu Januwale, koma anauzidwa kuti za mafoni zili pa nambala 5, ndipo pa nambala 5 sitinafikepo.

3. Kukonza zolembedwa za Januwale

Akazi a Atelala anapempha kuti ziwerengedwe. Ndinawerenga kuti komiti inagwirizana kuti Wosoka nsapato achoke. Anandiyang'ana nati, "Agogo, komiti ilibe pakamwa. Ananena ndani?"

Wapampando anayamba kufufuza cholembera chimene chinali pakhutu pawo, nati madzi akatayika saoleka. Akazi a Atelala anati sakufuna kuola madzi, akufuna dzina.

Ndinati ndine. Ndinadandaula za fungo la guluu pansi pa zenera langa, ndinamutcha dzala loyenda, anthu anaseka, manja anakwera. Polemba ndinabisala kumbuyo kwa komiti. Munthuyo anasoka nsapato za adzukulu anga zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sanandiyankhepo mwano, ngakhale tsiku limene ankamanga katundu wake. Zolembedwa za Januwale zakonzedwa tsopano, ndipo zikuti Mlembi ndiye anayambitsa.

4. Zimene tinagwirizana

Pakhoma paikidwe kabokosi ka batire kolandira ndi kupatsira uthenga, koti sikapita ku ntchito kapena kuthawa mvula. Kuyesa kuzichitika masana, m'kanjira muli zii. Mlembi akapepese kwa Wosoka nsapato ndi kumupempha abwerere. Anesi anati ndisataye nthawi, chifukwa munthuyo anapeza malo a denga pa depoti ya basi, ndipo anawauza kuti kumeneko anthu amamupatsa moni. Ndinati ndipita Lolemba ndithu, abwere asabwere.

5. Zina ndi zina

Akazi a Atelala analengeza kuti onse amene anasiya nsalu kwawo akatenge, zosokedwa ndi zosasokedwa zomwe, chifukwa makina akugulitsidwa. Wapampando anati buluku lawo akatenga mawa. Ine ndili ndi diresi kumeneko, lodulidwa kale, lokhala ndi mkono umodzi. Mayiwo anati langa abweretsa okha, sakufuna ndikwere masitepe awo.

Msonkhano wina udzachitika Loweruka, pa 11 Epulo, m'chipinda chomwechi. Tinatseka 3:40, palibe amene anatsala kucheza.

Wapampando: ____________

Mlembi: ____________