Mzere wapamapu walanda apongozi anga mthunzi

Agogo,

Ndithandizeni, mzere umodzi wandiputira mavu. Ndimagwira ntchito pakampani yogulitsa sopo ndi mafuta ophikira. Ine ndimasonkhanitsa manambala a malonda n'kuwaika mulipoti. Patsamba loyamba pamakhala mapu, ndipo sitolo iliyonse yooda katundu kwa ife imaoneka ngati kadontho. Yooda kwambiri, dontho lalikulu. Zaka zonsezi mapuwo anali opanda malire, timadontho tokhatokha ngati mwana wodwala chikuku, ndipo panalibe wodandaula.

Mwezi watha bwana wamkulu anati, "Timadontho timeneti sitikundiuza kanthu. Ikanipo malire a zigawo, ndione amene akugwira ntchito ndi amene akungotentha mafuta a galimoto." Ndinatenga malire a boma n'kuwasanja pamapupo, chigawo chilichonse mtundu wakewake. Zinakongola moti ndinadziombera m'manja ndekha.

Tsopano imvani. Kampaniyi ili ndi mamanijala a zigawo asanu, ndipo mmodzi mwa iwo ndi apongozi anga, bambo awo a amuna anga. Tikukhala m'nyumba yawo yakuseri. Chaka chilichonse manijala amene wagulitsa kwambiri amalandira chikho ndi malo oimika galimoto pansi pa mtengo, mthunzi wokhawo pabwalo lonse la ofesi. Enawo magalimoto awo amangophikika padzuwa. Apongozi akhala pamthunzipo zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha sitolo imodzi yopikulitsa, imene dontho lake ndi lalikulu ngati dzungu. Mzere utagwa, dzungulo linapezeka kutsidya, m'chigawo cha a Magalasi, manijala mnzawo amene sapatsana naye moni kuyambira tsiku limene anakanganirana mpando wozungulira.

Apongozi anabwera patebulo langa, chipewa m'manja. "Mayi, mzerewu munaulemba ndinu?" Ndinavomera. "Basitu ndiye umakumverani. Tauuzani ukhote pang'ono. Sitolo ija ndinaiyamba ine, mwiniwake akugulitsira pakatoni."

Agogo, ndinaukhotetsa. Panopa malirewo ali ndi chotupa. Mnzanga wapatebulo loyandikana wandifunsa kuti, "Kodi chigawo cha apongozi akochi ndi choyembekezera?" A Magalasi nawo anaima kumbuyo kwanga, anapukuta magalasiwo kawiri, n'kuti, "Msewu umenewu ndimadutsamo sabata iliyonse, koma kona imeneyi sindinakhotepo."

Amuna anga akuti za mapu salowererapo, koma ndikumbukire kuti denga tikugonamoli ndi la bambo awo. Lipoti likaonetsedwa Lachisanu likudzali pamaso pa mamanijala onse. Ndikawongola mzere, kunyumba sikukhalika. Ndikausiya, ntchito ikhoza kutha. Nditani?

Ndine T. W., wa m'tauni muno.

Mdzukulu wanga,

Ndaseka mpaka mano anga oikirira agwera m'kapu ya tiyi. Pepa, ndawatsuka, tiye tikambe.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, aphunzitsi atandipempha mwaulemu kuti ndikasokoneze kwina. Kompyuta ndimaiopa ngati galu wa eni. Koma za malire usandiderere, chifukwa zaka khumi ndi ziwiri ndinali wonyamula tcheni cha anthu oyeza malo. Ndinaona anthu a mimba imodzi akusiya kuyankhulana chifukwa cha chikhomo chachitsulo chachifupi ngati chala changa. Bwana wanga wanthawi imeneyo ankati, "Malo opanda malire onse ndi abale, ukangokhoma chikhomo, aliyense wakumbukira agogo ake." Ndiye usadabwe. Mapu ako ankakondedwa chifukwa sankanena kanthu.

Choyamba, chotupacho chiphwetse lero lomwe, usanadye n'komwe. Bweza mzere pamene unaupeza, ndipo pansi pa mapu ulembe kuti malirewa wawatenga kuti, ndiponso ndi a chaka chiti. Wofuna ndewu akamenyane ndi amene anawalemba. Iwe unangonyamula tcheni ngati ine.

Ukatero, kwera basi ukaione sitoloyo ndi maso ako. Pamapu a dziko lonse, kamzere koonda ngati ulusi kamaphimba msewu, ngalande, mabenchi a okazinga mbatata ndi mbuzi zitatu. Funsanso kuti dontholo analiika ndani. Ndamva kuti masiku ano dalaivala wopereka katundu amangodina foni, malo n'kulembeka. Chabwino. Koma kodi anadina ataima pakhomo pa sitolo, kapena atakhala kutsidya kwa msewu akumwa tiyi, maso ali pa mayi wophika tiyiyo? Madalaivala ndimawadziwa, ndinakwatitsako mwana kwa mmodzi. Mwina dzungu lakolo silinasamuke, anangolidinira pabenchi yolakwika. Ngati zili choncho, konza dontho, mzere usaukhudze, ndipo ujambule chithunzi cha sitoloyo kuti a Magalasi apukute kachitatu.

Koma tinene kuti sitoloyo ilidi kutsidya. Apa ndi pamene apongozi ako, ngakhale anapempha mokhota, ali ndi mfundo. Malire a boma anawalemba kuti adziwe kokhometsa msonkho ndi koponyera voti, sanawalembere sopo. Amene wakhala akutumiza lole kusitolo imeneyo ndani? Amene mwini sitolo amamuimbira foni katundu akachedwa ndani? Ngati ndi apongozi, ndiye kuti kampani yanu ili ndi zigawo zakezake zimene zimangokhala m'mitu mwa anthu, palibe anazilembapo. Kulemba zimenezo si ntchito yako, ndi ya bwana wamkulu. Pita kwa iwo Lachisanu lisanafike, utanyamula mapu awiri: ena a malire a boma, ena osonyeza sitolo iliyonse ndi manijala amene amaitumikira. Ukati, "Bwana, mapu awa akunena zosiyana pa sitolo iyi. Titsatire ati?" Akasankha, uwapemphe alembe, ngakhale mizere iwiri. Uwauzenso wekha kuti unayamba wakhotetsa malire kenaka n'kubweza. Aimvere kwa iwe nkhaniyo. Akaimvera kwa a Magalasi idzafika itavala jekete ndi tayi. Bwana amalandira malipiro aakulu kuti azidedwa, usamawalande ntchito.

Apongozi nawo usawadzidzimutse pagulu. Munthu wamkulu amapirira kuluza, koma kuluza anzake akuonerera ndiye ayi. Upite kunyumba yaikuluyo madzulo a Lachitatu, atadya, osati asanadye. Amuna akowo uwakoke apite nawo. Amene akudziwa mwini denga adziwenso njira yopita kwa mwini dengayo. Ukanene mwaulemu kuti, "Bambo, mzere wandikana, koma nkhani ya sitolo yanu ndaitula kwa bwana, ndipo ndanena kuti munaiyamba ndinu." Adzatupa masiku angapo. Asiye atupe. Palibe amene anathamangitsa mpongozi ndi zidzukulu chifukwa cha chiwongolero chotentha. Chikawaotcha, ayalepo thaulo ngati anzawo.

Chenjezo langa ndi ili. Ukausiya mzerewo uli wokhota, mawa a Magalasi adzabwera ndi pempho lawo, mkuja manijala wachitatu, ndipo pofika Khirisimasi mapu ako adzaoneka ngati matumbo a nkhuku. Tsiku logwidwa, bwana adzakuitanani muofesi nonse awiri, iwe ndi apongozi ako, n'kufunsa amene anasuntha malire. Apongozi ako adzatambasula manja, nkhope ili mbee, n'kuti, "Ine za makompyuta sindizidziwa, bwana, funsani mayiwa."

Ndipo mdzukulu wanga, adzakhala akunena zoona.

Agogo