Akufuna malata, nyumba ayi

Okondedwa achimwene,

Ndati ndimve za moyo wanu kumgodiko. Kuno tili bwino, amayi okha ndi amene akudandaula miyendo.

Nyumba zanu za lendi ku Chiponde zandiimitsa mutu. Chiyambire nkhondo ku Mozambique, amalonda amene ankakhalamo anachoka onse, pano mukugona mbuzi za eni. Ndinayesa kugulitsa imodzi monga munanenera, koma palibe anafika ngakhale theka la zimene munawononga pomanga.

Lachisanu kunabwera a Jafali, ogula nsomba a ku Monkey Bay. Sanalowe n'komwe m'nyumba, anangoyang'ana kudenga. Anati, "Achemwali, zipupa sungani, mundigulitse malata okha." Mtengo anatchulawo unaposa umene ena ankapereka pa nyumba yonse. Akuti kwacha yagwa, ndipo malata akusowa m'sitolo.

Ine sindikumvetsa. Nyumba ingatchipe bwanji kuposa denga lake lomwe? Amalume akuti ndisasule, amayi akuti nyumba yosasuka ndi bwinja. Ndimvere yani?

Yankhani mvula isanagwe. Tsiku lobwerera kuno, mukufuna mudzapeze ndalama kapena pogona?

Mulungu akusungeni pansi pa nthakapo.

Ine mlongo wanu,
Esinati