Kaunyolo ka amayi

Bambo a Célia,

Amayi anu akomoka kumunda. Tikuthamangira nawo kuchipatala ku Chifunde pa mota, njinga yamoto ya a Valdemar. Foni yanu sikulowa.

Ndawavula kaunyolo kawo ka mtanda kuti kasatayike panjira, koma ndathyola kambedza kotsekera. Kawaya ka mkati kafwamphuka, sikakutsekanso. Pepani, zala zangazi zinazolowera khasu.

Atatsitsimuka pang'ono agwira pakhosi n'kufunsa kuti, "Kali kuti?" Ndawauza kuti mubweretsa ndinu.

Kali m'kapu pawindo. Mudzere nako kwa a Gideoni okonza mawotchi pamsika, akangokonza mubwere. Musayambe mwasamba. Chimwalirire abambo anu, amayi sanakavulepo, ndipo mmene akupumiramu sindikufuna kuti adikire nthawi yaitali.

Ndine Crimilda