Ng'ombe za Vanda

Lifidzi, Angónia

Mwana wanga Vanda,

Landira moni wochokera kumudzi. Kaya mukudzuka bwanji ku Beirako, iwe, bambo a kunyumba ndi ana? Kuno tilipo, kungoti miyendo yayamba kundikana, ndipo kuchipatala ku Vila akuti mtima wanga watupa. Ndatopa, mwanawe. Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndikayamba nkhaniyi umangoseka.

Ndikunena za ng'ombe zako.

Unali kamwana pamene bambo ako, alongo anga a Tarsisio, ankamwalira, titangobwerako ku Dedza kothawa nkhondo. Anandiitana pamaso pa akuluakulu a banja n'kundiikiza ng'ombe ziwiri zazikazi. Anati ndikusungire mpaka udzazilandire wekha, ndi dzanja lako, pakhomo pa khola. Ndinavomera msanga poyesa kuti ndi zaka zochepa.

Mwina mwambo woikiza unauiwala m'tauni. Wosunga amamwa mkaka, amawola ndowe, amakoketsa ngolo. Koma nyama, chikopa ndi ana obadwa m'kholamo ndi za mwini. Mbatatesi zanga zakula ndi ndowe zako, sindikana. Koma ziwiri zija zinaswana, khola linadzaza, ine ndakalambira kumbuyo kwa michira ya ng'ombe zosakhala zanga. Ikadwala, wothamanga ndine. Zikadya chimanga cha eni, wokagwada ndine.

Pamaliro a amuna anga, a Marcos, sunabwere chifukwa unali woyembekezera, ndipo sindikukuimba mlandu. Koma udziwe kuti anthu anadyera nyemba ndi mpiru, ng'ombe zikulira m'khola kuseri kwa nyumba. Abale a malemu anandikakamiza kuti ndiphe imodzi. Ndinawauza kuti chamwini n'chamwini. Mpaka lero kuchigayo amandinena kuti ndine mayi woumira amene anaika mwamuna wake ndi nyemba. Zimandiwawa, sindikubisira.

Tsopano mwana wanga Josias akufuna kugulitsa nkhunzi kuti agule njinga yamoto yonyamulira anthu ku Kalomwe. Akuti iye ndiye anakulira kubusa, mame m'miyendo, pamene mwini wake anali m'kalasi. Ndimuyankhe chiyani? Sakunama. Masiku ano wasiya kundiumiriza, amangoyang'ana mmene ndikuyendera. Kudikira kumeneko n'kumene kukundiopsa.

Choncho ndinakwera minibasi ya shapa kupita ku Vila kukafunsa kwa notaryo, mkulu wa boma wotsimikizira mapepala a malamulo. Bambo wa kumeneko anandimvetsera bwino. Anati nkhani yotere imayima pa anthu atatu: woikiza, wosunga ndi wosungiridwa. Ndinati woyambayo ali kumanda, wachitatu ali ku Beira akuseka pafoni, watsala ndine. Anafunsa za dokumento, pepala la umboni. Ndinati dokumento yathu anali akuluakulu aja, ndipo womaliza tinamuika chaka chatha.

Anandiuza mosapita m'mbali kuti ndikafa ng'ombezo zili m'khola langa, popanda pepala kapena mboni, anthu adzaziwerengera pa chuma changa chamasiye, ana anga n'kugawana. Mawu a bambo ako adzalowa m'manda limodzi ndi ine.

Ndikudziwa chimene ukuganiza. Unanena kale kuti ndingozitenga, iwe ulibe nazo ntchito m'nyumba ya lendi. Mwanawe, munthu sapereka chinthu chimene sanachilandire. Ndikazitenga lero, mudzi wonse udzati ndinkadikira mboni zithe kuti ndidye za mwana wamasiye. Ndiye kuti a Marcos ndinawaika ndi nyemba pachabe.

Bwera mvula isanagwe, msewu usanaterere. Ndiitana anyakwawa ndi akuluakulu a kutchalitchi. Udzayime pakhomo pa khola, ndikupatse ndodo yobusira m'manja, tilembe ndi pepala lakelo. Zikatero uchite nazo zimene ukufuna. Kaya ugulitsa, kaya uikiza wina, koma ine ayi. Ukamagawa, umukumbukire Josias, anataya sukulu chifukwa cha ziweto zimenezi.

Chomaliza ndikuchita nacho manyazi, koma ndinene. Pali ng'ombe ina yokalamba, yothyoka nyanga, inasiya kubereka. Ukadzalandira zonse, ndidzakupempha imeneyo pamaso pa anthu, kuti ana anga asadzanyozedwe pamaliro anga monga ndinanyozedwera ine. Ndaidyetsa kuyambira tsiku limene inabadwa, koma kutenga sindingatenge. Ndiyenera kupempha kwa mwini.

Undiperekere moni kwa bambo a kunyumba, ndi kwa Rita wamng'onoyo amene sindinamunyamulepo. Mulungu akusungeni nonse, ndipo andisunge inenso mpaka ufike.

Ndine zakhali ako, m'busa wa ng'ombe zako,
Efigénia